Kampani yadula msonkho wa dizilo pa malipiro anga, chonsecho ndimalipira kale pa pampu

Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mumakhala ku Indianapolis, thiraki ndi yanu koma munailowetsa pa lizi (mgwirizano wobwereketsa) ku kampani yonyamula katundu, mafuta mumagula ndi ndalama za m'thumba mwanu, ndipo kumapeto kwa Epulo kampaniyo yadula madola 412 pa malipiro anu n'kungolemba kuti ndi msonkho wa mafuta. Mukufunsa ngati uku si kulipira kawiri, poti nthawi zambiri mumamwetsa ku Ohio ndi kufupi ndi Chicago komwe dizilo ndi wodula kale, komanso ngati ndalamayo mungaiitanitse.

Ngongoleyo ingathe kukhala yeniyeni, koma kampani ilibe mphamvu yokudulani osakuonetsani masamu ake. Kuti mukafunse zogwira mtima, muyambe mwadziwa kuti mu mtengo wa galoni imodzi muli misonkho ya eni ake angapo.

Boma lalikulu la ku Washington limatenga masenti 24.4 pa galoni ya dizilo, ndipo chiwerengerochi sichinapitirire pamenepo chiyambire 1993. Umenewu mukalipira pa pampu wathera pomwepo, sulowa m'nkhani yanuyi. Wovuta ndi wa steti. Masteti 48 a ku America ndi zigawo 10 za Canada ali mu mgwirizano wotchedwa IFTA, womwe umakhudza magalimoto olemera kuposa mapaundi 26,000 kapena a ma ekiselo atatu kupita m'tsogolo. Mfundo yake ndi yakuti msonkho ndi wa steti yomwe mwawotcheramo mafutawo poyenda pa misewu yake, osati komwe mwawagula. Zomwe mumalipira pa pampu zili ngati chikole. Pakatha miyezi itatu, mwini chiphaso cha IFTA, yemwe kwa inu ndi kampaniyo, amawerengera mamailosi a steti iliyonse n'kupereka lipoti pofika pa 30 Epulo, 31 Julayi, 31 Okotobala ndi 31 Januwale. N'chifukwa chake mwadulidwa mwezi umenewu.

Tiyerekeze ndi mitengo ya mu 2024, pamene Ohio inkatenga masenti 47 pa galoni ndipo Pennsylvania masenti 74.1. Mwagula magaloni 200 ku Ohio, ndiye kuti mwasiyako madola 94 a msonkho. Mwayenda mamailosi 600 mu Ohio ndi ena 600 mu Pennsylvania, thiraki ikumwa galoni imodzi pa mamailosi 6 alionse. Mu steti iliyonse mwawotcha magaloni 100. Ohio imayenera kulandira madola 47 okha, kotero iyenera kukubwezerani madola 47. Pennsylvania, komwe simunagule ngakhale dontho, ikufuna madola 74.10. Mukachotsera, mutsala ndi madola 27.10 oti muwonjezere. Apa simunalipire kawiri, mwangomaliza kulipira. Madalaivala ambiri amathamangira mtengo wotsika wolembedwa pa chikwangwani, osadziwa kuti nthawi zina watsika chifukwa cha msonkho wochepa wa stetiyo basi, ndipo kusiyanako kudzawapeza pakutha pa miyezi itatu. Poyerekeza mitengo, muzichotsa kaye msonkho wa steti n'kuona chotsalacho.

Tsono pali msonkho wa kaunti ndi wa mzinda, ndipo uwu ndi umene umandipweteka mtima ndikamaona malisiti a anthu. Kaunti ya Cook, momwe muli Chicago, imaika masenti 6 pa galoni, ndipo mzinda wa Chicago umawonjezeranso wake pamwamba. Makaunti ena ozungulira, monga DuPage ndi Kane, nawonso ali ndi wawo. Misonkho imeneyi siiwerengeredwa pa lipoti la IFTA. Mukamwetsa mu kaunti ya Cook n'kukawotchera dizilo yenseyo ku Indiana, gawo la steti ya Illinois lidzakubwererani, koma la kaunti ndi la mzinda lapita. Si mlandu wa kampani, ndipo palibe bwalo lomwe lingakubwezereni. Mankhwala ake ndi kumwetsera kunja kwa malire a kauntiyo.

Komabe pali chomwe chikundikayikitsa pa madola 412 aja. Illinois ndi imodzi mwa masteti a msonkho wokwera kwambiri pa dizilo. Munthu wogula mafuta ambiri kumeneko n'kumawawotchera kwina kawirikawiri amayenera kubwezeredwa, osati kudulidwa. Ndiye mwina malisiti anu ena sanalowe m'masamu, makamaka omwe munalipira ndi khadi lanu osati la kampani. Mwinanso kampani yagwiritsa ntchito avereji ya mathiraki ake onse m'malo mwa kamwedwe ka thiraki yanu. Pa lipoti lopita ku boma avereji ya onse ndiyo imafunikadi, koma pogawa ngongoleyo pakati pa madalaivala, amene thiraki yake siimwa kwambiri amapezeka akusenzera anzake. Kapenanso aphatikizamo misonkho ina pansi pa dzina limodzi. Kentucky ndi Virginia zili ndi msonkho wowonjezera womwe sulipiridwa pa pampu, umangotulukira pa lipoti. Kentucky imatenganso masenti 2.85 pa mailosi kwa thiraki yoposa mapaundi 59,999, ndipo New York, New Mexico ndi Oregon zili ndi misonkho yawo ya kulemera ndi mtunda. Yonseyi ndi yovomerezeka, koma uliwonse uyenera kuoneka pawokha.

Ufulu wanu uli m'malamulo a boma lalikulu okhudza malizi a mathiraki, 49 CFR gawo 376.12. Lamuloli likuti lizi inene momveka kuti msonkho wa mafuta alipira ndani. Likutinso chilichonse chomwe kampani ilipira kaye n'kudzadula pa malipiro anu chilembedwe mu liziyo, pamodzi ndi njira yowerengera ndalama yake, ndipo inu mupatsidwe makope a mapepala okuthandizani kuona ngati kudulako kuli koona. Mukamapempha mapepalawa simukupempha chifundo, lamulo lakupatsani kale. Ngati lizi yanu siikutchula n'komwe za kudula msonkho wa mafuta, kampaniyo yaphwanya lamulo ngakhale masamu ake atakhala olondola.

Choncho werengani lizi yanu usiku uno, mupeze ndime ya msonkho ndi ya zodulidwa. Kenako lembani kalata, osati kuimba foni kwa dispatcher (wogawa maulendo ku kampani), chifukwa mawu a pa foni sasiya umboni. Tumizani pa imelo komanso pa positi yosainira. M'kalatamo tchulani tsiku ndi ndalama yomwe yadulidwa, tchulani gawo 376.12, ndipo pemphani mamailosi a thiraki yanu mu steti iliyonse kuyambira Januwale mpaka Malichi, magaloni omwe anawerengera kuti mwagula mu steti iliyonse, kamwedwe komwe anagwiritsa ntchito, mtengo wa msonkho wa steti iliyonse, ndi ndalama ina iliyonse yomwe anaikapo ngati ya ofesi. Apatseni masiku 14. Mawu anu akhale aulemu, chifukwa kalata yomweyi mwina idzawerengedwa ndi woweruza.

Podikira yankho, sonkhanitsani zanu. Koperani maulendo a miyezi itatuyo kuchokera mu ELD, kachipangizo kolemba maulendo a thiraki, musanatsekeredwe kunja, chifukwa mukasemphana ndi kampani chinthu choyamba kutayika ndi mwayi wolowa mu akaunti. Lisiti lililonse lionetse tsiku, dzina ndi malo a wogulitsa, magaloni, mtundu wa mafuta, mtengo ndi nambala ya thiraki. Malisiti a pa pampu amafufutika akakhala padzuwa m'kabini, ndiye ajambuleni tsiku lomwelo. Malamulo a IFTA amafuna kuti mapepalawa asungidwe zaka zinayi, ndipo mukadzatenga chiphaso chanuchanu mudzaona kulemera kwake: wofufuza wa boma akapeza kuti mapepala ndi osakwanira, angathe kukana magaloni opanda lisiti n'kuwerengera ngati thiraki imayenda mamailosi 4 okha pa galoni.

Kampani ikakana kapena ikangokhala chete, njira zilipo. Mungadandaule ku FMCSA, bungwe loyang'anira makampani a mathiraki, ngakhale ilo silikutolerani ndalama. Lamulo la 49 U.S.C. gawo 14704 limakulolani kusumira kampaniyo nokha, ndipo lili ndi ndime yolola bwalo kulamula kuti ndalama za loya zibwezedwe. Muyenera kuonetsa kuti mwatayadi ndalama, osati kungoti sanakupatseni mapepala. Za nthawi yosumira mabwalo sagwirizana, ena amati zaka ziwiri ena zinayi, kotero inu musadutse zaka ziwiri. Pa ndalama yochepa ngati iyi, bwalo la milandu ing'onoing'ono ku Indiana limamva nkhani zosaposa madola 10,000 ndipo simufunika loya. Muone kaye ngati lizi ikukukakamizani kupita kwa mkhalapakati. Mu 2019, pa mlandu wa New Prime ndi Oliveira, bwalo lalikulu la America linagamula kuti lamulo la boma lalikulu la ukhalapakati silimanga madalaivala odutsa masteti ngakhale atakhala odziimira paokha, koma lamulo la steti lingathe kugwirabe ntchito, ndiye ndime imeneyo aione loya wa ku Indiana musanasume.

Ngati mwaganiza zochoka pa kampaniyo, dziwani kuti ndalama yanu ya escrow, chikole chomwe kampani imakusungirani, iyenera kubwezedwa pasanathe masiku 45 lizi itatha, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ndondomeko yake nthawi iliyonse. Akakupatsani pepala loti musaine kuti palibenso ngongole pakati panu, musasaine musanaone masamu a msonkhowa. Funsaninso a miyezi yam'mbuyo: ngati munali kumwetsa ku Illinois chaka chonse chatha osaona ndalama yobwezedwa ngakhale kamodzi, nkhani yanu ingakhale yaikulu kuposa madola 412.