Maliro a Laurent Kabila: anabisiranji imfa yake masiku awiri?

Mayi wina wandilembera imelo ndi mafunso awiri: mtsogoleri wa dziko akaphedwa, boma limachedweranji kulengeza? Nanga chinamtindi cha anthu olira m'misewu chija chimalira zoona, kapena chimachita kuuzidwa? Mayi, ndikuyankheni ndi zomwe zinachitika ku Congo.

Pa 16 Januwale 2001, Pulezidenti Laurent-Désiré Kabila anaomberedwa mu ofesi yawo ku Palais de Marbre, mumzinda wa Kinshasa. Wowaombera anali mmodzi mwa asilikali owalondera, ndipo naye anaphedwa nthawi yomweyo. Boma linauza anthu kuti bwana angovulala, n'kuwakweza ndege kupita nawo ku Harare. Imfa inalengezedwa pa 18.

Masiku awiriwo anali okonzera mpando. Dziko linali pa nkhondo kuyambira 1998, madera akuluakulu ali m'manja mwa zigawenga zothandizidwa ndi Rwanda ndi Uganda, boma likudalira asilikali a Zimbabwe, Angola ndi Namibia. Kabila analibe wachiwiri woti n'kulowa m'malo. Akuluakulu anaopa kuti akangoti "atisiya", asilikali ayamba kulimbirana. Pomwe uthenga wa maliro unkamveka, n'kuti atakhazika kale mwana wawo, Joseph Kabila, wa zaka 29. Amalawi sitingadabwe: mu Epulo 2012 a Bingu wa Mutharika, ngakhale iwo anachita kudwala, anatengedwa kupita ku South Africa, ife tikumva mphekesera chabe.

Za misozi, Mayi, musaipeputse. Thupi linayamba ladzera ku Lubumbashi, m'chigawo chakwawo cha Katanga, kenaka ku Kinshasa komwe analiika pa 23 Januwale, ndipo boma linalamula masiku 30 okhuza maliro. Anthu ankawatcha Mzee, kutanthauza mkulu m'Chiswahili. Ndiwo anachotsa Mobutu, yemwe analamulira dzikolo zaka zambiri, mu 1997, ndipo ambiri ankawaona ngati munthu amene anakana kuti Congo ilamulidwe ndi maiko oyandikana nawo. Inde, Kabila yemweyo analetsa zipani kuchita ndale natsekera otsutsa. Koma munthu amene wauzidwa kuti mtsogoleri waphedwa nkhondo ili mkati amaliranso ana ake, poti sadziwa kuti kucha bwanji. Boma lingathe kubweretsa mabasi ndi nsalu za nkhope ya malemu, koma mantha otere silichita kugawa.

Chomwe chimandiwawa ine ndi zomwe zinatsatira. Mu Januwale 2003 khoti la asilikali linagamula kuti anthu oposa 20 aphedwe pa mlandu wa imfa ya Kabila, kuphatikizapo Eddy Kapend, msilikali amene ankayenda pafupi ndi Kabila. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula kuti mlanduwo sunayende mwachilungamo. Chilangocho sichinaperekedwe, koma anthuwo anakhalabe m'ndende mpaka Pulezidenti Félix Tshisekedi atawakhululukira, natuluka mu Januwale 2021. Ena anafera momwemo. Manda a Kabila anamangidwa okongola patsogolo pa Palais de la Nation, nyumba ya boma ku Kinshasa, koma mpaka lero Akongo akutsutsanabe kuti anatuma mlonda uja ndani.