Achimwene, vuto si kamera yanu, ndi mmene Lilongwe anamangidwira

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25. Akuti anagula kakamera kwa mnzawo wochokera ku Joni ndipo akufuna azijambula mzinda wathu wa Lilongwe, koma akapita ku City Centre zithunzi zikumatuluka zozizira, mitengo, mpanda, galimoto ziwiri basi, pomwe anzawo a ku Blantyre akangoima pa Victoria Avenue n'kudina kamodzi chithunzi chimaoneka kuti apa ndi m'tauni. Ndiye akufunsa kuti vuto ndi kamerayo kapena iwowo, nanga apite kuti?

Achimwene, kamera yanu ilibe mlandu, musaigulitse. Inunso mulibe mlandu. Nkhani ndi yoti mizinda iwiriyi inabadwa mosiyana.

Blantyre inayamba mu 1876 ndi amishoni aku Scotland, amalonda n'kubwera pambuyo, ndiye inakula pang'onopang'ono, sitolo kutsamira sitolo inzake, khonde kulumikizana ndi khonde. Mandala House ya 1882 ilipobe, tchalitchi cha St Michael and All Angels chija anamaliza mu 1891, chomwe mmishoni David Clement Scott anatsogolera yekha kamangidwe kake asanaphunzirepo za zomangamanga, chiliponso. Nyumba zili m'mphepete mwenimweni mwa msewu, anthu akudutsa pakhonde, kumbuyo kwake phiri la Ndirande kapena Soche likusuzumira. Wojambula sakhetsa thukuta, zonse zimalowa zokha mu chithunzi chimodzi.

Lilongwe yatsopanoyi inayambira papepala. Kamuzu ataganiza zochotsa likulu ku Zomba, mu 1968 anakhazikitsa Capital City Development Corporation, ngongole yoyambira inachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka. Amene anajambula pulani ankafuna mzinda wa mitengo ndi kapinga, chilichonse pamalo pake: maofesi a boma ku Capital Hill, mabanki ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, anthu ogona kuma Area kwawo, ndipo pakati pa City Centre ndi Old Town anasiya nkhalango yonse ija ya Nature Sanctuary m'mbali mwa Lingadzi. Ndi pulani ya munthu amene ali ndi galimoto. Inu a ku 25 mukudziwa bwino kuti Area 24 si neba wanu, ili kutsidya lina la mzinda, manambala aja satsata kuyandikana. Ndiye mukaima pa City Centre Loweruka masana mukujambula malo amene anawakonza kuti anthu azibwerako 7:30 n'kuchokako 5 koloko. Akaweruka kumatsala alonda ndi agalu.

Sindikunena kuti kulibe chojambula ayi. Nyumba ya Reserve Bank ija, yopyapyala pansi n'kumakula pokwera m'mwamba ngati aitembenuza, ine ndimaikonda heve, makamaka dzuwa likapendeka mizere yake ikayamba kuponya mithunzi. Kang'ombe House, Nyumba ya Malamulo yomwe anamanga ma China n'kutsegulidwa mu 2010, chiliza cha Kamuzu cha 2006, nyumba ya misonkhano ya BICC, zonsezi n'zooneka. Koma iliyonse inaima payokha, kutsogolo paki ya galimoto, kuzungulira fensi, geti ndi mlonda. Sizicheza. Mukazijambula zimatuluka ngati zithunzi za pa kalendala ya kampani ya inshuwalansi, zoyera bwino koma palibe amene angaziyang'ane kawiri.

Tsono ine ndimati tsatirani mapazi a anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda muno, ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto, amayenda wapansi, pa kabaza, pa minibasi. Anthu amenewa anajambula pulani yawoyawo pamwamba pa ya boma ija. Taonani tinjira tachidule tofiira tomwe timadula pa kapinga kuchokera pa siteji kupita ku maofesi, palibe injiniya anatilemba, ndi mapazi okhaokha. Kanjira kamodzi koteroko, mayi atasenza beseni la nthochi, kumbuyo kwake nyumba yagalasi, chimenecho ndiye chithunzi cha Lilongwe.

Malo amene ndimatuma aliyense woyamba ndi pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, paja pali timilatho tamitengo tolumikiza msika wa Tsoka ndi wa ndiwo zamasamba kutsidya. Anakhoma ndi anthu wamba, mapolo a bulugamu, matabwa otsala, misomali yopindika, ndipo kuti uwoloke umapereka kandalama kwa mwini wake amene amakhala kumapeto atagwira zosintha m'manja. Ukaponda kamagwedera, pansi madzi abulauni akuyenda ndi mapepala apulasitiki, kutsogolo kwako mnyamata wasenza belo la kaunjika sakugwira n'komwe m'mbali, iwe mtima uli m'mwamba. Mvula ikakula madzi amakokolola, akaphwera eni ake amakhomanso. Anthu ophunzira za mapulani a mizinda amakamba zambiri za malo a aliyense, koma pamenepa mpomwe ndinaona kuti anthu akasowa njira amapanga okha, n'kuikapo ndi mtengo wake. Fikani cha m'ma 6 m'mawa dzuwa lisanakwere, utsi wa mbaula ndi wa ziwaya za tchipisi ukadali pansipansi, kuwala kumadutsa mu utsimo mokoma zedi.

Mukachoka apo kwerani cha ku Malangalanga ndi ku depoti. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, koma pitani lero mukaone, malonda ali pomwe pali anthu, ndipo anthu ali pomwe minibasi zimaima. Nkhondo ya khonsolo ndi mavenda ndi nkhani ya pulani yomweyi basi, msika kuuika uko, makasitomala akudutsa kuno.

Misewu yatsopanoyi nayonso ijambuleni, koma ndi maso awiri. Interchange ya pa Area 18 yomwe inatsegulidwa mu 2020 usiku imaoneka bho, magetsi a galimoto akamajambula mizere, ndipo aliyense ali nacho chithunzi chimenecho pa Facebook. Chomwe sindinachione kwambiri ndi cha munthu wapansi pa misewu yotakasa ngati Kenyatta, pomwe kale panali mthunzi wa mitengo, ataima dzuwa lili pamutu kudikira mpata woti athamange. Kuwoloka mizere isanu ndi umodzi uli ndi mwana kumbuyo si masewera.

Za nyengo mwachidule: Seputembala ndi Okutobala kumwamba kumakhala fumbi ndi utsi wa moto wolusa, zakutali sizioneka, koma ndi nthawi yomwe majakaranda amachita maluwa ndiye jambulani zapafupi. Mukafuna thambo loyera ndi mitambo yonenepa dikirani dzinja, mvula ikangokata.

Chomaliza, ulemu. Ku Kamuzu Palace, kumabalaki a asilikali ndi malo ena achitetezo kamera isatuluke m'chikwama, musayese n'komwe. Pa nyumba zina za maofesi yambani mwalonjera mlonda, ine tsiku lina ndinakhalitsidwa pa benchi ola lathunthu pa geti ina chifukwa chongodina ndisanapereke moni, mpaka ndinafufuta zithunzi zonse iwo akuonerera. Ku msika nako musangofika n'kuloza anthu kamera ngati mwaona nyama ku Kasungu. Gulani kaye tomato, funsani mtengo wa anyezi, chezani, kenako muziti mayi ndingakujambuleni? Ena akana, ena akuuzani kuti mulipire, ena akuti dikirani ndimange bwino chitenje. Akavomera aonetseni chithunzicho pa sikirini, ndipo mukadzapitanso muwatengere chotsukitsa.

Mukajambula za pa mlatho paja munditumizireko ziwiri zitatu pa imelo yomweyi, ndione ngati kamene ndinawolokera chaka chatha kakadalipo.