Kodi amaimbadi pamaso pathu? Za makonsati a nyimbo za Doctor Who

Mayi wina wokhala ku Britain watilembera imelo. Akuti ana awo amakonda pulogalamu ya pa TV ya Doctor Who, ndipo tsiku lina banja lonse linaonera pa intaneti konsati ya nyimbo zake ya ku Royal Albert Hall, holo yaikulu ya ku London. Chawazunguza mutu n'chakuti ng'oma imalira pa nthawi yeniyeni imene chinthu chikuphulika pa sikirini. Ndiye akufunsa: kodi anthu ochuluka chonchija amaimbadi, kapena amangogwedeza manja nyimbo ikuchokera m'kompyuta?

Mayi, amaimbadi. Vayolini, malipenga, zitoliro, ng'oma ndi kwaya, zonsezo zimamveka kuchokera kwa anthu amene mukuwaonawo. Koma kompyuta nayo ilipo, ndipo ntchito yaikulu yagona pa kuyendetsa ziwirizi limodzi.

Doctor Who inayamba pa BBC pa 23 Novembala 1963. Nyimbo yotsegulira inapekedwa ndi Ron Grainer, koma amene anaipanga kuti imveke mmene tikuidziwira ndi Delia Derbyshire wa ku BBC Radiophonic Workshop, nthambi ya BBC imene inkapanga maphokoso amagetsi, podula ndi kulumikiza tepi pamanja. Munalibe orchestra, gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana, m'menemo. Pulogalamuyi itabwereranso mu 2005, Murray Gold ndiye anayamba kulemba nyimbo zake, ndipo posakhalitsa BBC National Orchestra of Wales inayamba kuzijambula. Konsati yoyamba inachitikira ku Cardiff mu Novembala 2006, kenako ku Royal Albert Hall pa nyengo ya BBC Proms, makonsati a chaka ndi chaka a BBC, mu 2008, 2010, 2013 ndi 2024.

Tsono amagwirizana bwanji ndi zithunzi?

Tizigawo ta kanema toonetsa pa konsati amayamba atichotsa nyimbo, n'kusiya mawu a ochita sewero ndi phokoso la zochitika basi. Kenako amakonza chimene oimba amati click: kaphokoso ka "thi, thi, thi" kowerenga kugunda kwa nyimbo, komangirira ku kanemayo. Omvera sakamva. Kamapita m'mahedifoni a kondakitala (wotsogolera oimba), a woimba ng'oma ndi a atsogoleri a magulu ena a zida. Ambiri amavala khutu limodzi lokha, linalo n'kulisiya kuti azimva anzawo, chifukwa woliza vayolini amene sakudzimva yekha sachedwa kusochera.

Pa makonsati otsagana ndi kanema, kondakitala amakhalanso ndi kasikirini kakekake pafupi ndi buku la manotsi. Pamenepo mzere woimirira umadutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo ukafika kumapeto pamathwanima kadontho kozungulira. Apo ndiye pamene dzanja lake liyenera kutsika. Njira imeneyi ndi yabwino pa nyimbo zachisoni zoyenda pang'onopang'ono, chifukwa imalola oimba kukoka mawu pang'ono bola afike pa kadonthoko nthawi yake. Click yokha pa nyimbo yotere imaumitsa kaimbidwe, ndipo khutu lozolowera limamva msanga.

Taonani mmene kulakwitsa kochepa kumakulira. Nyimbo ikalembedwa kuti izigunda ka 120 pa mphindi imodzi, kondakitala n'kumayenda pa 118, pakutha kwa mphindiyo watsalira kugunda kuwiri, komwe ndi pafupifupi sekondi yathunthu. Kanema wa TV ya ku Britain amayenda zithunzi 25 pa sekondi. Ndiye kuti chitseko chatsekeka kale, zithunzi 25 zadutsa, ng'oma n'kumabwera pambuyo. Kanema sadikira munthu, ndipo kukonza kwake n'kuthamangitsa gulu lonse pang'ono pang'ono mpaka lipeze click, osati kudumpha kamodzi.

Vuto lina ndi mtunda. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Woimba m'kwaya amene wakhala mamita 34 kuchokera kutsogolo, akadikira kumva vayolini kuti ayambe, amakhala atachedwa kale ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo mawu ake amafunika nthawi inanso yofanana kuti afike kutsogoloko. N'chifukwa chake akumbuyo amauzidwa kuti azitsata dzanja la kondakitala, asamatsate khutu. Aliyense amene anaimbapo kwaya m'tchalitchi chachikulu amalidziwa vutoli.

Nanga kompyuta imaimba chiyani? Mu nyimbo za pulogalamuyi muli maphokoso amagetsi amene vayolini kapena lipenga sizingatulutse. Ena amaimbidwa pa kiyibodi pomwepo. Mu 2013 Mark Ayres ndi Peter Howell, akatswiri a nyimbo zamagetsi, anaimba nyimbo zakale za pulogalamuyi pa zida zamagetsi pamaso pa anthu. Ena amajambulidwa kale n'kumatuluka limodzi ndi click. Pa ntchito yotere makompyuta amakhala awiri oyenda pamodzi, kuti imodzi ikaima inayo ipitirize. Chovuta n'chakuti mawu ojambulidwa sasuntha, pamene zida zimasuntha holo ikatentha: zouzira zimakwera pang'ono, zazingwe zimatsika. Oimba ndiwo ayenera kumadzikonza kuti afanane ndi kompyuta, chifukwa iyo singawatsate.

Palinso wosakaniza mawu, amene kwa ine ndi munthu wofunika ngati kondakitala yemwe. Malipenga akakweza mawu, zolankhula za pa sikirini zimamira. Wosakanizayo akakweza zolankhulazo mopitirira, zimalowa m'mamaikolofoni a vayolini n'kubwereranso m'masipika zili zosokonekera. Royal Albert Hall payokha ndi nyumba yozungulira yobweza mawu. Kudenga kwake kumalendewera zinthu zonga mbale zazikulu, zimene anaziika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti zichepetse zimenezo.

Mukafuna kupita ndi ana, dziwani izi. Makonsatiwa sachitika chaka chilichonse, choncho muziona ndandanda ya Proms ikatuluka cha mu Epulo, ndipo matikiti a konsati zotere amatha msanga. Holoyi imalowa anthu oposa 5,000. Pali matikiti oimirira ogulitsidwa tsiku lomwelo, amene mu 2024 anali mapaundi 8, koma mwana wamng'ono kuimirira maola awiri pakati pa akuluakulu saona kanthu, ndiye mipando ndi yabwino. Zilombo za m'pulogalamuyi, monga ma Dalek ndi ma Cyberman, zimatulukira pafupi ndi omvera, zina n'kumatsika masitepe pakati pa mipando. Mwana wamantha musamukhazike kumphepete kwa kanjira. Mukakhala chapambali pamwamba pang'ono, mudzatha kuona kasikirini ka kondakitala ndi mahedifoni a woimba ng'oma, ndipo ana angathe kutsata okha pamene dzanja likutsika ndi pamene chithunzi chikusintha.