Achimwene, musagule kaye ka m'khutu kaja

Eee achimwene, voice yanu ija ndaimva, mukufunsa ngati mungomugulira mwana wosamva bwino uja kachipangizo kothandiza kumva ku Joni konko n'kupatsira anyamata obwera pa basi. Ayi chonde dikirani kaye. Tambiri ta m'mashopu tija timangokweza chilichonse, njinga yamoto, chigayo, mawu a munthu, zonse limodzi, mwana amangokazula n'kukataya. Kenikeni kaja amakatchuna pa kompyuta malingana ndi mmene khutu lakelo likumvera, ndiye ayezedwe kaye, komanso amadinda khutulo ndi zinthu zofewa kuti apange kotsekera komukwana iyeyo, ndipo akamakula amasintha chifukwa kakayamba kukhwepa kamangolira likhweru m'khutumo.

Tiyambire pa chipatala cha pa boma pano amuone, mwina muli mafinya kapena litsiro latseka, zimenezo amayamba kuchiza kaye. Kuyeza kwenikweni kuli ku Queens ku Blantyre kapena ku chipatala cha ABC ku Lilongwe, Area 47 kuja.

Ndiye ngati mukufuna kuthandiza, tumizani ya thiransipoti, ine ndipita naye ndi mayi akewo. Akatiuza saizi ya mabatire ndi pamene mudzagule konko ambirimbiri, chifukwa n'tating'ono ngati batani la shati, sabata imodzi kapena ziwiri tatha, ndipo ukangomatula kapepala ka pamwamba kaja basi kayamba kutha ngakhale osakagwiritsa ntchito. Komanso kachipangizoko sikafuna madzi, ndiye mwana wa kunyanja ngati ameneyu, tsiku lonse ali m'madzi, kuphatikiza thukuta la mu Okutobala lija, mmm tidzafunika kumuyang'anira.

Koma chomwe chikundikhudza ine n'chakuti tisadikire makina kuti tiyambe kucheza naye. Dzulo ndikuyanika usipa pa thandala wandikoka chitenje, wagwedeza kadzanja ngati nsomba, kenako waloza pakamwa, ine ndamva bwinobwino kuti akufuna ndimuwotchere. Mwanayu amalankhula achimwene, ife ndi amene sitinaphunzire. Chinenero chamanja chilipo chathu cha kuno ku Malawi, a bungwe la anthu osamva la MANAD ndi amene amachilimbikitsa, ndipo sukulu ya ana osamva ili ku Mua, njira ya ku Golomoti ija, si kutali kwambiri.

Mukaimba video Lachisanu mukhale powala, nkhope ionekere bwino, osatafuna kanthu, amawerenga milomo ameneyu.