Ndikapopera mbozi zimabwereranso, ndichite chiyani?

Mlimi wina wafunsa kuti: "Chaka chatha ndinapopera chimanga katatu, koma mbozi zinabwerera zochuluka kuposa poyamba. Ndiwonjezere mankhwala kapena ndisinthe mtundu?"

Bambo, musanagule botolo lina, taganizani za zomwe zinafa tsiku lomwe munapoperalo. Mankhwala ambiri sasankha. Amapha mbozi, koma amaphanso akangaude, nyerere ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira awo m'mazira a mbozi kapena m'thupi mwake. Amenewa ndiwo anali alonda a munda wanu, ndipo akafa amachedwa kubwerera. Mbozi sizichedwa. Kagulugufe kamodzi ka fall armyworm, mbozi yomwe inafika mu Africa mu 2016 kuchokera ku America, kamatha kuikira mazira oposa 1,000. Komanso mukamabwereza mankhwala omwewo, mbozi zopulumuka zimabereka ana opirira, ndiye mphamvu ya mankhwala imanka icheperachepera.

Yambani ndi kuyendera munda kamodzi pa sabata chimanga chikangomera. Imani malo 5 osiyana, ndipo pamalo aliwonse muone mbewu 10. Tembenuzani masamba, suzumirani m'nsonga. Mukapeza mulu wa mazira, tswanyani ndi zala pomwepo. Timbozi tating'ono timafa mosavuta, koma mukaona ndowe zonga utuchi zadzaza m'nsonga, dziwani kuti mbozi yakula ndipo yabisala pomwe mankhwala safika mosavuta. Ndimamva chisoni ndikaona mlimi akupopera munda wonse panthawi imeneyi, chifukwa ndalama zikupita pachabe.

Njira yomwe ndimaikonda kwambiri ndi ya kankha-koka, yomwe akatswiri a icipe, bungwe lofufuza za tizilombo la ku Kenya, anaikonza pamodzi ndi a Rothamsted Research, bungwe lofufuza za ulimi la ku Britain, m'zaka za m'ma 1990. Pakati pa mizere ya chimanga mumadzala desmodium, chomera cha mtundu wa nyemba, ndipo m'malire mwa munda mumazunguliza nsenjere. Fungo la desmodium limathamangitsa agulugufe a kapuchi (mbozi yoboola phesi la chimanga), nsenjere n'kuwakopa kuti akaikire mazira kumeneko. Timbozi tikaswa n'kuyamba kuboola nsenjere, timakodwa mu utomoni wake ndipo tambiri timafa. Mizu ya desmodium imafooketsanso kaufiti ndi kuwonjezera chonde m'nthaka, ndipo zomera ziwirizi ziweto zimadya. Kunena zoona, chaka choyamba n'chovuta: desmodium amakula pang'onopang'ono ndipo amafuna kupalira mosamala. Akakhazikika amakhala zaka zambiri.

Ngati mbewu ya desmodium simunaipeze, sakanizani chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, dzalani ndi mvula yoyamba, ndipo chitani kasinthasintha wa mbewu.

Mayi wina wafunsanso ngati madzi a masamba a nimu kapena ombwe ali otetezeka popeza ndi achilengedwe. Mayi, amathandiza ndithu, makamaka pa nsabwe za m'masamba ndi timbozi tating'ono, koma nawonso ndi mankhwala. Ombwe amapha nsomba, choncho musatsukire chopopera mumtsinje kapena m'dziwe. Poperani madzulo njuchi zitaleka kuuluka, mutavala zoteteza manja, maso ndi mphuno.

Tizilombo tikapyola muyezo mpaka mankhwala ogula akufunika, poperani pokhapo pomwe pagwidwa, mulingo wake ukhale wolembedwa pabotolo, ndipo ulendo wotsatira musinthe gulu la mankhwalawo, kutanthauza opha tizilombo m'njira ina, osati dzina lokha.