Kwa achimwene a ku Kasungu amene pulogalamu ikuwaumira posunga fayilo

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya C# yolembera malonda a feteleza ndi mbewu imauma mukadina Save, mpaka Windows kulemba Not Responding, ndipo mukufunsa ngati kusamutsira ntchitoyo pa thread ina (kanjira kena kogwirira ntchito mkati mwa pulogalamu yomweyo) kungathandize. Kuthandiza ndithu.

Pakadali pano thread imodzi yomweyo ndiyo ikujambula windo, kumvera mausi ndi kiyibodi, komanso kulemba fayilo. Ikatanganidwa ndi kulembako siyankha, ndipo pakangodutsa masekondi 5 Windows amaiyesa yakomoka. Ikani kulembako mu Task.Run, imene imatumiza ntchito ku thread yakumbuyo, ndi await, imene imadikira ntchitoyo popanda kuumitsa windo. Thread yakumbuyoyo isakhudze batani kapena tebulo la pa windo, apo ayi WinForms, imene imapanga mawindo a pulogalamuyo, ikhoza kukuponyerani vuto lotchedwa InvalidOperationException. Musanaitumize, ikopereni deta yakeyake, chifukwa wogulitsa akhala akuwonjezerabe matumba a Urea pamndandanda womwewo pamene inayo ikulemba.

Zimenezo n'zosavuta. Chimene ndikufuna mumvetsetse n'china.

Ine ndinapangira gulu lina la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mchinji pulogalamu yonga yanuyo. Ndinaika pa thread, kuuma kunatha, ndinasangalala. Tsiku lina nyengo yogula, anthu ali pamzere ndi matumba pa sikelo, magetsi anazima fayilo ili mkati molembedwa. Kompyuta inali ya patebulo, yopanda batire. Atayaka, fayilo inali 0 KB, yopanda kanthu. Pulogalamu inali itafufuta kale zakale kuti ilembe zatsopano pamwamba pake. Amayi amene amalemba kumeneko anakhala masiku atatu akutsegula malisiti limodzilimodzi, kuwerenganso makilogalamu a munthu aliyense. Kulakwa kunali kwanga, ndipo mpaka lero zimandipweteka mtima.

Ndiye musamalembe pamwamba pa fayilo yeniyeni. Lembani kaye mu fayilo yongoyembekezera, monga malonda.tmp, mu foda yomweyo. Mukamaliza itanani Flush ya FileStream mutaipatsa true, kuti zolembazo zifikedi pa disiki, zisatsale mu memory. Kenako File.Replace isinthanitse ziwirizo, ndipo imakulolani kusunga yakale ija ngati malonda.bak. Magetsi akazima pakati, chotayika n'chatsopano chokhacho, za dzulo zili bwinobwino. Tsiku loyamba, pamene yakale kulibe, gwiritsani ntchito File.Move.

Palinso msampha wa kutseka. Kale pulogalamu inkauma, choncho munthu amadikira. Tsopano adina Save, nthawi yomweyo n'kudina X kuthamangira minibasi ya kwa Santhe. Ma thread a Task.Run amadulidwa pulogalamu ikatsekedwa, sayembekezeredwa. Mu FormClosing, code imene imayenda windo ikamatsekedwa, onani ngati kusunga kukadali mkati. Ngati kulipo, ikani e.Cancel kukhala true kuti windo isatsekeke, lembani pa windo kuti “Dikirani, tikusunga”, ndipo code yanu iitseke zikatha. Batani la Save nalo muzilizimitsa mpaka ntchito ithe, chifukwa anthu amadina kawiri.

Await ija ikhale mkati mwa try ndi catch, zimene zimagwira vuto likachitika. Ngati mukusungira pa flash, ikadzaza kapena wina akaizula, wogulitsa auzidwe poyera kuti sizinasungike, m'Chichewa chomveka.

Musanakapereke pulogalamuyo kusitolo, yesani nokha: pangani fayilo yaikulu, dinani Save, zulani flash ili mkati molemba, kenako muibwezeretse muone ngati malonda akale akutseguka. Zikavuta ikani code yanu ya Save pano tiionere limodzi.