Mapemphero athu akumaima pa Facebook: kodi mpingo ugule seva?

Mayi wina wa Mvano wa ku Mufakose, ku Harare, wandilembera imelo. Mpingo wawo umaulutsa mapemphero a Lamulungu pa Facebook kuti abale a ku Ntcheu ndi ku Dedza, komanso ana amene ali ku Johannesburg, azitsatira. Madandaulo awo ndi awiri. Chithunzi chimaima pakati pa ulaliki, abusa ali kukamwa yasa. Chinanso, achemwali awo a kumudzi amamva kwaya ikuyamba nyimbo pamene kuno afika kale pakolasi. Mnyamata wina wauza akuluampingo kuti mankhwala ake ndi kugula seva yawoyawo, kompyuta imene imasunga ndi kugawira oonera vidiyo, ndiye mayiwa akufunsa ngati n'koyenera kuti asonkhe ndalama.

Amayi, musasonkhe. Sevayo sithetsa vuto ngakhale limodzi mwa awiriwa, ndipo lachiwirilo si vuto n'komwe.

Tiyambe ndi kuchedwako. Foni imene mwaimika m'tchalitchi ija situmiza zithunzi kwa achemwali anu mwachindunji. Imazipanikiza kaye kuti zichepe, kawirikawiri ndi njira yotchedwa H.264, kenako imazitumiza ku seva ya Facebook. Kumeneko vidiyo imadulidwa tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo foni ya woonera imakoka kachidutswa kamodzikamodzi. Njira yodziwika kwambiri yochitira zimenezi ndi HLS, imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2009. Apple imalangiza kuti kachidutswa kazikhala ka masekondi 6, ndipo foni yoonera nthawi zambiri imadikira kuti ipeze tizidutswa titatu isanayambe kuonetsa. Pamenepo masekondi 18 apita kale, tisanawerengere ulendo wa pa intaneti.

Kudikirako n'kwadala. Inu a ku Harare mukudziwa mmene timachitira madzi akamabwera modukizadukiza pampopi: timadzaziratu ndowa, kuti mpopi ukatseka tizitunga m'ndowamo. Foni ya achemwali anu ikuchita zomwezo. Netiweki ikajejema masekondi 5, iyo imapitiriza kuonetsa zimene inasunga, ndipo iwo sadziwa n'komwe kuti panali chisokonezo. Mukachepetsa kuchedwako, mwachepetsanso chitetezo chimenechi.

Zilipo njira zosachedwa. Mukaimbirana pa WhatsApp kapena pa Google Meet, mawu amafika sekondi isanathe. Google Meet imadalira WebRTC, luso limene Google inapereka kwa onse mu 2011. Njira zotere sizidikira kanthu. Kachidutswa kakatayika panjira, kapita basi, n'chifukwa chake mawu amamveka odukaduka. N'zabwino pamene anthu akuyankhizana, monga ankhoswe a ku Highfield akamakambirana ndi anzawo a ku Lizulu za ukwati, kapena banja likamagwirizana za maliro. Koma pa ulaliki palibe amene akuyankha. Agogo a ku Dedza akamva "Ameni" patapita theka la mphindi, sanataye kanthu.

Chofunika kulimbana nacho ndi kuima kwa chithunzi. Choyamba funsani oonera atatu a m'malo osiyana ngati chimaima pa mawu amodzimodzi. Ngati chikuima kwa a ku Ntcheu okha, vuto lili kumudziko, ndipo angothandizidwa kutsitsa mlingo wa chithunzi pafoni pawo. Ngati onse akuti chinaima abusa akuwerenga vesi lomwelo, vuto lili m'tchalitchi mwanu.

Ambiri tikamati netiweki ili bwino timanena za liwiro lolandirira. Woulutsa amadalira liwiro lotumizira, ndipo pa netiweki ya foni limeneli kawirikawiri limakhala lochepa. Muyese ndi Speedtest, pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti, muli pamalo penipeni pamene pamakhala foniyo, Lamulungu lenileni, anthu atadzaza. Kuyesa Lachitatu masana m'tchalitchi mulibe munthu kumanamiza, chifukwa Lamulungu mafoni a mpingo wonse amalimbirana nsanja imodzi. Yesaninso makadi osiyana, la Econet ndi la NetOne, chifukwa pamalo amodzi omwewo mphamvu zawo zimasiyana. Nambala imene mwapeza, gwiritsani ntchito theka lake lokha. Liwiroli amaliyeza mu Mbps: mukapeza 2 Mbps, ulutsani pa 1 Mbps.

Masamu ake ndi awa. Kuulutsa pa 1 Mbps kumadya 450 MB pa ola. Pa 2.5 Mbps, mlingo umene anthu amakonda pa chithunzi cha 720p, ola limodzi limapitirira 1 GB, ndipo tonse tikudziwa kuti Lamulungu la mgonero kapena la ubatizo silitha ndi ola limodzi. Mukakhala ndi laputopu, pulogalamu yaulere ya OBS Studio imakulolani kusankha nokha mlingowu. Ine ndingasankhe chithunzi chocheperako chimene sichiima kusiyana ndi chowala chimene chimaima mphindi zilizonse.

Tsopano taganizirani seva ya mnyamata uja itaikidwa mu ofesi ya abusa. Woonera aliyense azikoka vidiyo yake kuchokera pamenepo. Anthu 100 pa 1 Mbps aliyense ndi 100 Mbps yotuluka pa intaneti ya mpingo, pamene lero mukulephera kutumiza vidiyo imodzi yokha. Facebook ndi YouTube ali ndi maseva m'mayiko ambiri amene amagawa katundu ameneyu kwaulere. Onjezanipo kuti magetsi akathima, seva yanu yathimanso. Mnyamatayo musamunyoze, chidwi ali nacho. Mumupatse ntchito ya OBS.

Ndalama zimene munafuna kusonkhazo ziponyeni ku mawu. Apa ndiye pamene mtima wanga uli. Ndaonerapo mapemphero ambiri a pa Facebook amene chithunzi chake n'chokongola koma ulaliki sukumveka: foni ili kumbuyo kwenikweni, ikutola phokoso lobwerera kuchokera kumalata, mwana akulira pafupi, wina akukoka benchi. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akapanda kumveka amatseka. Pezani chingwe chochokera pa mikisa ya zokuzira mawu kulowa pafoni kapena palaputopu, pamodzi ndi kachipangizo kolumikizira. Ikaninso maikolofoni imodzi yoyang'ana kwa kwaya ndi mpingo, chifukwa mikisa imangotenga zimene zalowa m'maikolofoni, ndipo popanda imeneyo akumudzi azimva mawu a wotsogolera nyimbo yekha.

Mawu sadyanso bandulo. Pa 64 kbps, ola lathunthu silifika 30 MB. Mukaganizira achemwali anu amene amagula bandulo ya Airtel kapena TNM ndi ndalama ya tomato, muona kuti kujambula ulaliki wa mawu okha n'kuutumiza pa gulu la WhatsApp mapemphero akatha kungafikire anthu ambiri kuposa vidiyo ija. Chitani zonse ziwiri.

Ngati mwayesa makadi onse koma liwiro lotumizira likukanabe, pamenepo mpomwe mungakambirane za intaneti yokhazikika. Funsani TelOne kapena Liquid ngati faiba yawo inafika mumsewu mwanu. Starlink, intaneti ya pa satelayiti, nayo inayamba kugwira ntchito ku Zimbabwe mu 2024, ngakhale mvula yamphamvu imatha kuisokoneza. Chilichonse chimene mungasankhe, rauta ikhale ndi batire lake, ndipo pasiwedi ya Wi-Fi isaperekedwe kwa mpingo wonse. Ngati mupitiriza ndi foni, ikhale pachoimikira osati m'manja, ili pa chaja, kutali ndi dzuwa la pawindo chifukwa ikatentha imayamba kuzengereza. Ndipo ikhale foni imene nambala yake abale saidziwa, kuti wina asaimbe pakati pa pemphero lalikulu.